Thalauza isanathine, chiwindi chimakhala chamva kale

Pali manambala awiri amene andikakamira m'mutu masiku ano, 2 ndi 27. Mu 2012 ofufuza ena ku Helsinki, ku Finland, anatenga anthu 16 onenepako n'kuwauza kuti kwa masabata atatu azidya zinthu za shuga zoonjezera pamwamba pa chakudya chawo cha masiku onse, masiwiti, majuwisi, zakumwa zotsekemera zija, zopitilira makalori 1,000 pa tsiku. Atatha masabata atatuwo sikelo inangosuntha ndi 2 peresenti, kanthu koti olo munthu amene umagona naye nyumba imodzi sangakaone, koma atayeza chiwindi anapeza kuti mafuta m'menemo akwera ndi 27 peresenti. Kunja kuli zii, mkati nkhani yayamba kale. Ndipo atawabweza pa kadyedwe kochepetsa thupi kwa miyezi 6, thupi linatsika ndi 4 peresenti yokha, mafuta a m'chiwindi n'kutsika ndi 25.

Nde ine mfundo yanga ndiinena osazungulira. Makilo amene munthu amaonjezera pakati pa zaka 18 ndi 30, aja timangoti ndi kukula basi, thupi likukhazikika, si a pakhungu pokha ayi, amakhala atafika ku chiwindi ife tisanawaone pagalasi, ndipo nthawi yolimbana nawo ndi yomweyo, osati pa zaka 45 dokotala atayamba kukwinya nkhope akuyang'ana mapepala ako. Ndikudziwa kuti nkhani ya thupi la munthu imapweteketsa mitima, tifikako kumeneko, koma ndiloleni ndiyambe ndi mmene zimachitikira, chifukwa ambiri timaganiza kuti mafuta a m'chiwindi ndi mafuta aja tadya basi, mwina aja okazingira, ndipo si choncho kwenikweni.

Thupi lili ndi nkhokwe yake yosungira mafuta, ili pansi pa khungu, m'matako, m'ntchafu, m'mikono, ndipo mafuta akakhala kumeneko sakuvutitsa kwambiri. Vuto limabwera nkhokwe ija ikadzadza, kapena maselo ake akayamba kusamvera insulini, imene ntchito yake ina ndi kutseka chitseko kuti mafuta asamangotuluka, nde mafuta amayamba kudontha n'kulowa m'magazi usana ndi usiku, ndipo amakathera kumalo kumene sanayenera kukhala. Oyipitsitsa ndi aja a mkati mwa mimba, okuta matumbo, chifukwa magazi ochokera kumeneko sazungulira kaye thupi lonse, amadzera mu mtsempha waukulu umodzi n'kukagwera m'chiwindi molunjika. Ku Minnesota, ku America, mu 2005 ofufuza anachita kuwerengera kuti mafuta a m'chiwindi cha odwala amachokera kuti, anapeza kuti pafupifupi 59 peresenti ndi aja otuluka m'nkhokwe za thupi lomwelo, 26 peresenti chiwindi chimapanga chokha kuchokera ku shuga ndi zakudya zokhutitsa, 15 peresenti yokha ndi imene imabwera molunjika kuchokera ku mafuta a m'mbale. Mwaona eti? Gawo lalikulu ndi thupi lako lomwe likudzithira lokha. Ndipo shuga wamba uja theka lake ndi mtundu wa shuga wotchedwa fructose, amene ambiri mwa iye amakathera m'chiwindi, nde ukamamumwa wosungunuka m'botolo, amafika wambiri nthawi imodzi, chiwindi chilibe kochitira koma kumusandutsa mafuta.

Madokotala amati chiwindi chili ndi mafuta opitilira muyeso akadutsa 5 peresenti. Ndi pang'onotu pamenepo. Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilo imodzi ndi theka, nde tikunena za magalamu osafika olo 100, ndiye kuti sikelo ya kubafa singakuuzeni kanthu za magalamu amenewo paokha, imangokuuzani za mulu waukulu umene ukuwatumiza.

Tsopano wina anena kuti aaa izi ndi za madala a mimba zawo, ife tikadali ana. Apa nde pamene ndimakanira kwamtuwagalu. Ku Bristol, ku England, kuli kafukufuku amene wakhala akutsatira ana obadwa mu 1991 ndi 1992 kuyambira ali m'mimba mwa amayi awo, amamutcha Children of the 90s. Anawa atafika zaka za m'ma 24, pafupifupi 4,000 a iwo anaunikidwa chiwindi ndi makina otchedwa FibroScan, zotsatira zake zinatuluka mu 2020. Mmodzi mwa asanu aliwonse anali ndi mafuta ochuluka m'chiwindi, ndipo theka la amenewo anali pa mlingo wapamwamba kwambiri. Mmodzi mwa 40 anali ndi zizindikiro zoti chiwindi chayamba kale kuuma ndi zipsera. Awa sanali odwala obwera kuchipatala akubuula, anali anyamata ndi atsikana wamba oti m'mawa womwewo anadzuka bhobho n'kupita kukayezetsa chifukwa choti aitanidwa basi. Ndipo chimene chinkasiyanitsa kwambiri amene anali ndi mafuta ndi amene analibe chinali kulemera kwa thupi, onenepa anali ndi mwayi woyipawo kuwirikiza kangapo.

Zaka 24 abale. Munthu angomaliza kumene sukulu, mwina sanayambe n'komwe ntchito yokhazikika.

Ndipo sizitenga zaka kuti ziyambe. Ku Linköping, ku Sweden, mu 2008 achinyamata 18 athanzi labwinobwino, oonda ndithu, anavomera kudya kawiri pa tsiku zakudya za m'malesitilanti a changuchangu aja kwa masabata anayi, kwinaku akuchepetsa kuyenda. Anakwera makilo opitilira 6 aliyense tikatengera pakatikati, ALT, yomwe ndi chizindikiro cha m'magazi choonetsa kuti maselo a chiwindi akuvulala, inakwera mwa ambiri a iwo, ena sabata yoyamba yomweyo, ndipo mafuta a m'chiwindi anachoka pa 1.1 kufika pa 2.8 peresenti. Zoona, 2.8 sinafike pa 5, sindikufuna kukokomeza, koma amenewo ndi masabata anayi okha, nanga munthu amene moyo wake uli choncho kwa zaka zisanu, wakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, botolo la zotsekemera pambali pa kompyuta, kugona 1 koloko usiku ali pa foni?

Chimene chimandiopsa ine kwambiri si mafutawo ayi, ndi nthawi. Mafuta paokha m'chiwindi ambiri amakhala nawo mpaka kukalamba osadwala chiwindi, izi tizinene poyera kuti wina asagone ndi mantha. Koma mwa ena mafuta aja amayambitsa kutupa, kutupa kumasiya zipsera, zipsera zimaunjikana pang'onopang'ono kwa zaka makumi mpaka chiwindi kuuma gwaa, ndi pomwe madokotala amati cirrhosis, ndipo pamenepo khansa ya chiwindi imakhala ili pafupi. Ndi ulendo wautali, nde amene wauyamba ali ndi zaka 22 ali ndi nthawi yokwanira yokafika kumapeto, pomwe amene wauyamba ali ndi zaka 60 mwina sakafikako. Ofufuza a ku yunivesite ya Karolinska ku Sweden komweko anatsatira amuna opitilira 1.2 miliyoni amene anayezedwa thupi polembedwa usilikali pakati pa 1969 ndi 1996, ali ndi zaka za m'ma 18. Amene anali onenepa kwambiri pa msinkhu umenewo anadzadwala matenda aakulu a chiwindi atakula kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi anzawo a thupi lapakatikati, ndipo olo aja ongonenepako pang'ono chiopsezo chawo chinali chokwera ndithu. Sikelo ya tsiku limodzi, mnyamata ali ndi zaka 18, inali ikunena kale za chiwindi chake cha pa zaka 50. Ndipo tisaiwale kuti anthu a chiwindi cha mafuta chimene chimawapha kwambiri si chiwindicho, ndi mtima, komanso matenda a shuga amawakonda zedi, chiwindi chimangokhala ngati belu loyamba kulira.

Tsopano tibwere kwa amene akutsutsa, chifukwa ali ndi mfundo ndipo sindiwapeputsa.

Oyamba amati BMI ndi bodza. Pena pake akunena zoona. Kawerengedwe kameneka, kulemera kwako kugawa ndi kutalika kwako kochulukitsa kokha, anakayambitsa ndi katswiri wa masamu wa ku Belgium, Adolphe Quetelet, m'zaka za m'ma 1830, ndipo iye sankafuna kuyeza thanzi la munthu mmodzi, ankafuna kudziwa za gulu. Dzina loti BMI linabwera ndi wasayansi wa ku America, Ancel Keys, mu 1972. Sikasiyanitsa minofu ndi mafuta, nde mnyamata wonyamula zitsulo ku jimu akhoza kupitilira BMI ya 25, pamene amati munthu wayamba kunenepa, chiwindi chake chili choyera, pomwe wina woonda miyendo ndi mikono koma kamimba kali tuu kutsogolo, BMI yake 23, chiwindi chili chodzadza. Alipo ndithu oonda a chiwindi cha mafuta. Palinso za kumtundu, mu 2008 ofufuza a ku Dallas, ku America, anapeza jini, kanthu ka chibadwa kamene timatengera kwa makolo, yotchedwa PNPLA3 imene mtundu wake wina umapangitsa chiwindi kusunga mafuta mosavuta, ndipo ku Dallas komweko anali atapeza kale kuti mafuta a m'chiwindi anali mwa 45 peresenti ya anthu ochokera ku Latin America, 33 peresenti ya azungu, 24 peresenti ya anthu akuda. Koma taonani, 24 peresenti ndi munthu mmodzi mwa anayi, si nambala yoti wina aziombera m'manja kuti ife ndiye tapulumuka. Ndipo jini ija imaluma kwambiri munthu akanenepa, mwa woonda imangokhala phee nthawi zambiri. Nde zonsezi sizikuchotsa kulemera pa nkhaniyi, zikungotiuza kuti munthu aliyense ali ndi malire ake. Pulofesa Roy Taylor wa ku Newcastle, ku England, ndi amene amaikonda mfundo imeneyi, yoti aliyense nkhokwe yake ili ndi kukula kwake, wina imadzadza ali ndi makilo 65, wina mpaka 95 ikadali ndi malo. Chifukwa chake ine ndimati osadziyerekeza ndi mnzako, dziyerekeze ndi iwe mwini wa zaka zitatu zapitazo, ngati lamba wasuntha mabowo awiri ndipo sunayambe kunyamula zitsulo, amenewo si minofu.

Achiwiri amati kulankhula za kunenepa ndi kunyoza anthu. Awa ndimawamva kwambiri, chifukwa munthu wonenepa wamva kale zambiri, kusukulu, kunyumba, olo kuchipatala kumene amapita ndi mutu n'kuuzidwa kuti chepetsani thupi asanamuyeze n'komwe. Kunyoza sikunaondetsepo munthu, kumangomupangitsa kuthawa sikelo ndi kuthawa dokotala. Akatswiri a chiwindi nawonso anaziona, mpaka mu 2023 anasintha dzina lachingerezi la matenda a mafuta m'chiwindiwa kuchoka ku NAFLD kupita ku MASLD, china mwa zifukwa chinali choti mawu a m'dzina lakalelo, otchula mafuta ndi mowa, ankamveka ngati chitonzo. Koma kusanyoza ndi kubisa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mtsikana wa zaka 23 amene wakwera makilo 12 m'zaka zitatu ali ndi ufulu wodziwa zimene zikuchitika kumanja pansi pa nthiti zake, ndipo kumuuza kuti usadandaule ndiwe wokongola mmene ulilimo, ndi zoona ndi wokongola, koma chiwindi sichimva zimenezo. Kungomusekerera n'kumusiya osadziwa, ine ndimakuona ngati ulesi wovala nkhope ya chifundo.

Ndi achitatu, awa nde amandiseketsa, aja amati ine mowa sindimwa nde chiwindi changa chili bho. Madokotala nawonso ankaganiza choncho kale, akaona chiwindi chotupa ndi mafuta ankangoti munthuyu ndi chidakwa, akakana ankati akunama. Mpaka mu 1980 pamene Jurgen Ludwig ndi anzake ku chipatala cha Mayo Clinic, ku America, analemba za odwala 20 amene ziwindi zawo zinkaoneka ngati za zidakwa koma mowa sankamwa, ambiri anali onenepa. Lero akuluakulu pafupifupi atatu mwa khumi aliwonse pa dziko lonse ali ndi vutoli. Koma amene amamwa asaone ngati ndawaiwala, ku Bristol kuja amene anali pa chiopsezo chachikulu cha zipsera anali aja ophatikiza ziwiri, mafuta m'chiwindi ndi kumwa kopitiliza, ndipo zaka za m'ma 20 ndi zaka zimene ziwirizi zimakonda kukumana, Lachisanu ndi Loweruka mowa, sabata yonse kukhala pansi.

Chimene chimandikwiyitsa tsono ndi mmene timayezera. Chiwindi sichilira, chilibe ululu woti ungakudzutse usiku pa nthawi imene mafuta akuunjikana, nde munthu amadalira zoyeza. Wachinyamata akapita kukayezetsa magazi, ALT ikatuluka yabwinobwino, amauzidwa kuti chiwindi chili bwino pitani, chonsecho anthu ambiri a chiwindi cha mafuta ALT yawo imakhala mkati mwa malire. Sikani wamba ya pamimba ija imaona bwino mafuta akachuluka kufika cha m'ma 20 peresenti kupita m'mwamba, ochepera apo imatha kuwaphonya. Ndipo kawerengedwe kamene madokotala amagwiritsa ntchito poganizira ngati pali zipsera, FIB-4, kamalowetsamo zaka za munthu, nde kwa ochepera zaka 35 sikadalirika, kamangotulutsa nambala yotsika yosangalatsa. Mukuona pamene pali vuto? Zida zathu zinapangidwira anthu a zaka 50, wachinyamata amadutsa pa zonsezi ngati madzi m'sefa. Nde ngati zida zodula zikumuphonya, bwanji osayamba ndi zotchipa zimene zilipo kale, sikelo, tepi ya telala, ndi funso limodzi loti kodi zaka zitatu zapitazo munkalemera bwanji? Ine sindikunena kuti wachinyamata aliyense akaunikidwe chiwindi, zimenezo palibe dziko lingakwanitse ndipo zingangodzadza anthu mantha. Ndikunena kuti amene mimba yakula msanga, amene kwawo kuli matenda a shuga, amene BP yayamba kukwera ali wamng'ono, ameneyo asamabwezedwe ndi mawu oti mukadali mwana inu.

Mbali yokoma ya nkhaniyi ndi ija ndinayamba nayo, 4 ndi 25. Chiwindi chimalandira mafuta msanga, chimawatayanso msanga, kuposa mimba, kuposa ntchafu. Ku Newcastle mu 2011 anthu 11 a matenda a shuga ataikidwa pa chakudya chochepa kwambiri, mafuta a m'chiwindi anatsika ndi pafupifupi 30 peresenti sabata yoyamba yokha, koma chonde zimenezo zinachitika madokotala akuwayang'anira, musakadzikhalitse ndi njala kunyumba kuti mwawerenga penapake. Malangizo a akatswiri amati kutsitsa 3 mpaka 5 peresenti ya kulemera kwako kumachepetsa mafuta, 7 mpaka 10 peresenti kumafika pa kutupa ndi zipsera. Munthu wa makilo 90, 5 peresenti ndi makilo anayi ndi theka basi, anzako mwina sazindikira n'komwe kuti watsika. Ndipo kuyenda ndawala, kuthamanga, kunyamula zolemera, kumachepetsa mafuta a m'chiwindi olo sikelo itakana kusuntha, chifukwa minofu ikamagwira ntchito imamwa shuga amene akanakathera ku chiwindi, mphindi 150 pa sabata zimene a WHO amanena zija si zokongoletsera thupi chabe.

Koma pali kafukufuku mmodzi amene amandipangitsa kuumirira pa zaka za m'ma 20, ndi wa ku Havana, ku Cuba, wa mu 2015. Odwala 293 a chiwindi chotupa kale anathandizidwa kusintha kadyedwe ndi kuchita masewera kwa chaka chathunthu, anawadula kanyama ka chiwindi poyamba ndi pomaliza kuti aone kusintha. Mwa amene anatsitsa 10 peresenti ya thupi kapena kuposa, 90 peresenti kutupa kunatha, 45 peresenti zipsera zinabwerera m'mbuyo. Zosangalatsa zedi. Koma amene anakwanitsa kutsitsa 10 peresentiyo anali mmodzi yekha mwa khumi, anthu oti akudziwa kuti akudwala, akuthandizidwa chaka chonse. Thupi likazolowera kulemera kwina limakumenya nkhondo ukafuna kulitsitsa, njala imakula, mphamvu zimene limatentha zimachepa, aliyense amene anayesapo akudziwa zimene ndikunena. Nde kuletsa makilo 10 kuti asabwere pa zaka 24 ndi ntchito yopepuka kutalitali kuposa kuwachotsa pa zaka 44, ndipo ndi pamenepa pamene ndimaona kuti uphungu wonse tinauika kolakwika, timauyamba munthu atadwala kale.

Mankhwala aliko tsopano, ku America mu Malichi 2024 anavomereza resmetirom, oyamba a matendawa, koma ndi a anthu amene zipsera zafika kale patali, si a mnyamata amene thalauza yangoyamba kuthina. Ndipo aja amagulitsidwa pa intaneti kuti amatsuka chiwindi, matiyi, makapisozi, timadzi tobiriwira, chonde abale, chiwindi si poto woti ungamukweche. Mafuta ali mkati mwa maselo, amachoka pokhapokha thupi likawatentha, ndipo ena mwa mankhwala oonjezera omwewa, makamaka ochepetsa thupi ndi okulitsa minofu, ndi amene amagonetsa achinyamata m'chipatala chiwindi chitavulala, maso ali chikasu. Munthu kufuna kukonza chinthu n'kuchiphwanyiratu.

Ine ndinasiya kukangana ndi BMI, ndimagwiritsa ntchito chingwe. Bungwe lopereka malangizo a zaumoyo la NICE ku Britain mu 2022 linalangiza kuti chiuno cha munthu chizikhala chosafika theka la kutalika kwake, nde umangotenga chingwe, kuyeza kuyambira kuphazi mpaka pamutu, kudula, kupinda pakati, kenako kuzunguliza pamimba, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, cha pamwamba pang'ono pa mchombo, osati pansi pamene timabisa lamba paja, ndipo osakoka mimba mkati, pumani bwinobwino. Nsonga zikakumana, muli pabwino. Ine tsiku loyamba zanga sizinakumane, panatsala mpata wa zala zitatu, ndinabwerezanso kawiri kuganiza kuti mwina ndadula molakwika, chingwe chinali cholondola.